Maluwa Achikasu pa Manda a Nesibeli

Ndagi yanga nayi, ndipo musayankhe mothamanga. Ndi mtsikana uti amene amagona pansi pa mchenga zaka ndi zaka, mvula ikachuluka n'kudzuka atavala diresi lofiira, kuvina masiku owerengeka, kenako n'kugonanso popanda womulira? Inu amene mwatchula mwana wa aneba anu, Mulungu akukhululukireni. Ndi duwa lathu lija la m'chipululu, kizgaldak. Chaka chimenecho chipale chofewa chinagwa chambiri, mvula n'kutsatira, ndipo chikondwerero cha Nauryz chitangodutsa, chipululu chonse cha Kizilkum chinafiira ngati pophera nkhosa za ukwati.

Aliyense anakondwa, kupatula a m'nyumba ya a Otegen.

A Otegen anali m'busa wopuma, maso atachita nkhungu, chifuwa chikulira ngati chitseko cha khola. Mkazi wawo Nesibeli anamwalira kalekale nthawi yoswa nkhosa, ali kubusa lakutali, mwana wawo Perizat akadali woyamwa chala. Njira zinali matope okhaokha, choncho anamuika komweko. Anaunjika nkhuni za saksaul pamwamba monga timachitira. Ndipo a Otegen, pokhala munthu wosadziwa kulira pagulu, anakumba tianyezi ta maluwa achikasu n'kubzala kuzungulira manda onse, kumutu n'kuthithikiza tambiri. Kenako chitsime cha kumeneko chinagumuka, anthu anasamuka, akuba nkhuni anabwera n'kutola saksaul yense kukawotchera nyama m'tauni. Mchenga unamaliza ntchito yotsala. Zaka zouma zinatsatana, maluwa osatuluka, manda n'kusowa.

Tsopano mkuluyo ankamva m'mafupa kuti ulendo wake wayandikira, ndipo ankafuna kukagona pambali pa mkazi wake. Ndiye tsiku lina, akumwa tiyi pamaso pa alendo, analankhula mawu osabwezeka: mwamuna amene adzawaonetse pamene Nesibeli wagona, azimayi akwawo ndi amene adzaveke Perizat ndolo. Kwathu kuno mtsikana akavekedwa ndolo ndiye kuti watengedwa, chotsala ndi kunola mipeni basi.

Perizat anamva zimenezi akuthira tiyi. Tiyiyo anasefukira pa nsalu.

Omufuna analipo awiri. Woyamba Kuandik, mwana wa mwini ngamila zochuluka m'mudzimo, wa galimoto yoyera yaikulu ndi pakamwa pakulu kuposa galimotoyo. Kuandik akakuuzani kuti anapha mmbulu, dziwani kuti anaona mchira wa galu. Wachiwiri Sabir, mwana wamasiye wojambula zithunzi m'maukwati, amene chuma chake chonse chinali kamera ndi njinga yamoto yotsokomola. Perizat ankafuna wa njingayu. Anadziwana pa ukwati wa mchimwene wake, pamene Sabir anajambula mkwatibwi mongokwaniritsa lamulo, mlamu wa mkwatibwi n'kumujambula mpaka batire kutha.

* * *

Anakumana kuseri kwa khola, Perizat atanyamula ndowa yopanda kanthu kuti oona aziti akupita kokama.

"Ndamva wasanduka mphotho," anatero Sabir. "Ngati ngamila ya pa mpikisano wa akavalo."

"Seka ndithu. Ngamila yomweyo amayamba aimwetsa madzi. Ine sanandifunse n'komwe."

"Ukukumbukako chilichonse cha malo amenewo?"

"Ndinali kamwana, Sabir. Ndimakumbuka nkhosa zikulira, ndi bambo atandinyamula m'malo mwa amayi. Basi."

"Nanga a Oteke amati chiyani?" Kuteroko ndiye kutchula a Otegen mwaulemu.

"Amati ndi kupitirira chitsime chogumuka, pakati pa milu iwiri ya mchenga. Milu yomwe inayenda kalekale. Chokhacho chosayenda ndi maluwa. Achikasu, ozungulira malo okwana munthu wogona, pakati pa ofiira."

Sabir anaponya maso kuchipululu. Kufiirako kunalibe polekezera.

"Ndiyenda mulu ndi mulu. Ndikakwera pamwamba, kamera imaona kutali kuposa diso. Chilichonse chachikasu ndizikujambulira."

"Maluwawa sakhalitsa."

"Ndikudziwa."

"Ndipo Kuandik ali ndi galimoto."

"Kuandik amasochera pochoka kuchimbudzi kubwerera m'nyumba."

Perizat sanaseke. Anatulutsa m'thumba kansalu komanga kurt, timibulu touma ta mkaka wowawasa tija, n'kumuikira m'dzanja.

"Ukawasowa mandawo, ubwere ndithu. Ndikufuna wojambula wamoyo."

"Ndikabwera chimanjamanja, bambo ako adzatseka maso, mawu n'kutsala ndi mchimwene wako. Ndipo iye anasankha kale Kuandik."

Perizat anadziwa kuti zinali zoona. Anangomuyang'ana akupalasa njinga ija mpaka inavomera kulira.

* * *

M'mudzi mwathu netiweki imakhala padenga la khola la a Otegen, pakona yakum'mawa, ndipo imafuna munthu woimirira, wotukula dzanja ngati akulumbira. Madzulo alionse dzuwa lisanalowe Perizat ankakwera makwerero, namanamizira kukatembenuza zikopa zoyanika.

Zithunzi zinkabwera. Maluwa ofiira atayasama ngati anapiye. Maluwa ofiirira mochedwa, m'mphepete mwake muli chikasu. Kaduwa kachikasu kamodzi kali kokhakokha pamchenga ngati mlendo pamaliro.

"Awa?" ankalemba Sabir.

"Ayi. Amenewo ndi omwazikana."

"Nanga awa?"

"Ozungulira, ndati. Maso unawasiya ku ukwati wa ndani?"

"Lero ndapeza kamba wofanana ndi Kuandik. Akudya zimene sanabzale, khosi lili m'mwamba."

"Milomo yako ili bwanji? Dzijambule ndione."

"Kamera yanga sijambula zonyansa."

Masiku anayenda. Nthabwala zinayamba kufupika, ndipo m'zithunzimo Perizat anayamba kuona maluwa ena atapinda makosi. Pansi, m'nyumba, bambo ake ankatsokomola mpaka mbale kugwedezeka m'kabati.

Ndiye madzulo ena kunabwera chithunzi chimene chinamukhazika pansi padengapo. Nyanja yofiira, ndipo pakati pake mkombero wachikasu, wautali, wopapatiza, mbali imodzi maluwa atathithikana ngati pilo. Pansi pake Sabir analemba kuti: "Ndawapeza amayi ako. Ndawalonjera, ndawauza kuti ndine yani ndi chimene ndikufuna. Sanakane. Usaonetse munthu mpaka ndifike. Petulo wachepa koma ndifika."

Perizat analira osatulutsa mawu, nkhosa zikumusuzumira kudzera m'mabowo a denga.

* * *

M'nyumbamo munali munthu winanso, Gulzira, mkazi wa mchimwene wa Perizat. Mwamuna wake ankagwira ntchito kumgodi, kubwera kwake kwa mwezi ukaoneka. Kwathu mtengwa satchula maina a abale a mwamuna wake, ndiye Gulzira ankamutcha Perizat kuti Kangamila, chifukwa cha maso akuluakulu aja. Komanso, ndisaiwale, Kuandik anali mwana wa amalume a Gulzira.

M'mawa mwake Perizat anapita kokama ngamila, ntchito yofuna manja onse ndi bondo lomwe, foni n'kuisiya ikumwa magetsi. Pobwera ndi ndowa anaona chinthu chimene mudzi sunachionepo: Gulzira, ndi thupi lonse lija, ataima padenga la khola, dzanja lili m'mwamba, mitanda ikudandaula pansi pake.

"Alamu, mukutani pamwambapo?"

"Ndikuona nyengo, Kangamila."

"Ndi foni yanga?"

"Yanga ili ndi maso ofooka."

Atatsika, foni inabwerera kwa mwini wake ili yoyera ngati mbale yonyambitidwa. Chithunzi chija chinalibemo, mawu a Sabir onse analibemo.

"Mwamutumizira Kuandik," anatero Perizat.

Gulzira sanakane. Anakonza mpango wake n'kukhala pa chidebe.

"Tamvera, Kangamila. Udzadya zithunzi? Mwana akadzadwala pakati pa chipale, udzamukweza pa njinga yotsokomolayo? Ine ndinakwatiwa ndi chikondi, tandiona. Mwamuna ali pansi pa nthaka kumgodi, ine ndikuchapa mipango ya magazi ya apongozi. Chikondi chimatha msanga kuposa maluwa akowo."

"Amenewo ndi manda a amayi anga, alamu. Mwagulitsa manda."

"Akufa sazizidwa. Ndikuganizira amoyo."

Perizat anakweranso padenga. Analemba, mawu osapita. Anaimba, n'kuyankha mayi wa m'foni uja wonena kuti munthuyu sakupezeka. Tsiku limenelo linadutsa Sabir osafika. Lotsatira nalonso linadutsa. Perizat anasiya kunamizira zikopa, ankangoima padengapo poyera, maso ali kunjira.

* * *

Amene anafika ndi Kuandik. Anafika cham'mawa, hutala patsogolo, atavala chipewa choyera cha kumzikiti. Pambuyo pake panali mayi ake, a Balkiya, atafumbata kabokosi ka ndolo, ndi azimayi ena onyamula maswiti owaza. Aneba anadzaza pakhomo osaitanidwa, monga mwa mwambo wa aneba.

"A Oteke, mtima wanu ugone," anatero Kuandik asanamalize n'komwe kupereka moni. "Ndayenda chipululu chonsechi ndekha. Matayala atha, ine osatha. Ndawapeza."

Anapereka foni. A Otegen anaiyandikiza mpaka kukhudza mphuno. Nkhope za anthu sankaziona bwino, koma mitundu ankaiona. Anaona kufiira, anaona mkombero wachikasu, anaona pothithikana paja. 

"Ndi manja anga amenewa," anatero motsitsa. "Ndinabzala ndine."

A Balkiya anatsegula kabokosi.

"Bambo," anatero Perizat ali pakhomo la kuchipinda, "chithunzicho anajambula ndi Sabir. Anatumizira ine. Achiba."

Azimayi anayang'anana. A Balkiya anamwetulira ndi mano agolide.

"Mpongozi wathu ali ndi lilime. Si kanthu, kwathu ntchito ndi yambiri, lidzafupika."

"Onetsa pafoni yako tione, Kangamila," anatero Gulzira, maso ali pansi.

"Mukudziwa chimene munachita, alamu."

A Otegen anatukula dzanja.

"Mwana wanga, wojambula wakoyo ali kuti?"

Perizat anasuzumira kunjira. Kunalibe munthu.

"Wathawa," anatero Kuandik. "Chipululu si holo ya ukwati. Chimafuna amuna."

Mkuluyo anatsokomola nthawi yaitali, n'kupinda mpango kuti anthu asaone zimene zatuluka.

"Ine ndinati wondionetsa manda. Chithunzi si manda. Balkiya, tseka kabokosiko. Mwana wako akandifikitse ndikagwire dothi, ndolo muveka komweko pamaso pa mayi wake."

Perizat anayang'anitsitsa Kuandik, kuyembekeza kuti ameza malovu. Koma iye anawomba m'manja.

"Lero lomwe, a Oteke. Tinyamuke tiyi asanazizire. Maluwa sadikira."

 Munthu wonama sathamangira chonchi, anaganiza Perizat. Mwina watsata mapazi a njinga. Mwina wawapezadi.

* * *

Ananyamuka dzuwa litapendeka pang'ono, chifukwa kukweza a Otegen m'galimoto inali ntchito. Kutsogolo galimoto yoyera, pambuyo lole ya madzi ya mnansi wawo Yermek, aneba atakangamira paliponse pogwirika. Perizat anakhala kumbuyo pakati pa Gulzira ndi a Balkiya, kabokosi ka ndolo kakumubaya m'nthiti.

Kuandik ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likulalikira.

"Chipululu ichi chimandidziwa. Mulu uliwonse ndinaupatsa dzina. Mutandimanga m'maso ndingakuuzeni kumene tili ndi fungo lokha."

"Nthawi ija tinayenda tsiku lonse pa ngamila," anatero a Otegen.

"Imeneyo ndi ngamila, a Oteke. Iyi ndi galimoto."

Sanapite kutali. Nsanja ya mzikiti itangobisika, Kuandik anakhotera kuseri kwa mulu wina n'kuima. Ndipo anali pomwepo: maluwa ofiira mbali zonse, pakati pake mkombero wachikasu wokwana munthu wogona, mbali imodzi wothithikana. Azimayi anayamba kusisima.  Perizat sanaone china chilichonse koma kabokosi kakutseguka m'manja mwa a Balkiya.

Anawatsitsa a Otegen n'kuwagwadika kumutu, pothithikana paja. Mkuluyo anatambasula manja, nkhope italunjika kumapazi kwa manda. Kenako anatsinzina. Dzuwa linkawalasa m'maso mwenimweni.

"Pemphero nditsogolere ine," anatero Kuandik akukonza chipewa. "Ndinapita ku Maka ine, ndinaona ndi maso anga. Mapemphero anga amafika msanga."

"Wachita bwino kundikumbutsa, Haji," anatero a Otegen. "Maso angawa atha. Tatilozera, ku Maka ndi kuti?"

"Funso limenelo kwa ine? Uko."

Anatambasula mkono mwamphamvu, chala chili nga, kumene dzuwa linkapendekera. Ndipo sanalakwitse, ku Maka ndi komwekodi, ngakhale mwana wa m'mudzi mwathu amadziwa. Vuto linali lakuti mkonowo unagona ndendende pamwamba pa manda, kuchokera kumutu n'kutulukira kumapazi.

Kusisima kunaleka. Anthu anayang'ana mkono, anayang'ana maluwa, anayang'ananso mkono.

"Ndinamugoneka ndekha," anatero a Otegen pang'onopang'ono. "Chammbali, nkhope ku Maka, monga amagonera Msilamu aliyense. Nesibeli anali wamakani, sindikana. Ndikati tiyi, iye amati msuzi. Koma zoti angatembenuke m'manda n'kulozetsa mapazi ku Maka, ayi, mkazi wanga sanafike pamenepo."

Wina kumbuyo anatsamwa.

"Mchenga umayenda, a Oteke," anatero Kuandik, mkono ukutsika wokha. "Mphepo ya kuno ndi yamphamvu. Yautembenuza."

"Mphepo yatembenuza manda."

"Zimachitika. Ndinazionapo kwina."

A Otegen anapapasa pansi. Mchenga unali wonyowa, tsiku lopanda mtambo. Anagwira duwa limodzi, lalitali kufika m'bondo pamene athu a m'chipululu sapitirira chikhatho, n'kukoka pang'ono. Linatuluka lokha mosavuta. Kunsi kwake kunalibe kaanyezi, kunalibe muzu, koma podulidwa mwaukhondo, mopendeka, monga amadulira atsikana ogulitsa maluwa m'tauni. Anazula lina. Limeneli linatuluka ndi anzake, akadali omangidwa ndi kalabala ka m'sitolo.

"Mphepo yomweyo inabwera ndi mpeni," anatero mkuluyo, "ndi kalabala, ndi madzi othirira. Mphepo yaulemu. Balkiya, landira maluwa ako, mwana wako wakugulira."

Woyamba kuphulika anali Yermek. Kenako azimayi a maswiti aja, anthu a mbali ya Kuandik yomwe, anabisa nkhope m'mipango, mapewa akuvina. Agogo ena opanda mano anakhala pansi pamchenga n'kumamenya ntchafu, akuti, "Haji wagoneka munthu chosemphana. Ndikadzafa musadzamuyandikize, angadzandiimike chamutu." Mnyamata wa aneba ankatambasula mkono motsanzira, chala chili nga. A Balkiya anatseka kabokosi mwamphamvu mpaka kudzipana chala. Ngakhale a Otegen anaseka, kuseka kosakanikirana ndi chifuwa, misozi ikuyenderera m'ndevu, ndipo palibe akanadziwa ngati inali ya phwete kapena ya Nesibeli.

Perizat nayenso anaseka, makutu ake ali opepuka, opanda ndolo.

Kuandik anavula chipewa n'kuchifinya. Podutsa kupita kugalimoto anaima pafupi naye, nkhope itafiira kuposa chipululu, n'kulankhula ndi mano okha kuti amve yekha.

"Seka. Wolakwa ndi wojambula wako. Dzana ndinamupeza akukankha njinga kupitirira chitsime chogumuka, lilime litatupa. Ndinamuonetsa chigubu chodzaza madzi, ndinati loza malo umwe. Chitsirucho chinakana."

"Ndiye unatani?"

"Ndinabwera nacho chigubu changa. Ukuganiza maluwawa ndathirira ndi chiyani?"

Anamenya chitseko cha galimoto. Anthu ataona kuti akuthawa anawonjezera phwete, ena akumuponyera maluwa ake achikasu pagalasi, ena akufuula kuti Haji asaiwale njira ya ku Maka. Perizat anathamangira kwa Yermek, mwini lole, amene anali atawerama atagwira tayala, akulira ndi kuseka. Anamukoka mkono, anamukokanso, akutchula Sabir ndi chitsime chogumuka. Yermek anangopukusa mutu, mpweya utamuthera, n'kumalozabe galimoto yoyera ija.